Dijito Yafika kwa Dzoole, Wailesi ya Agogo Ikulirabe

Mu 2006 akuluakulu a maiko adasonkhana ku Geneva n'kugwirizana kuti pofika pa 17 June 2015, maiko a ku Africa ndi ku Ulaya akhale atasiya kuulutsa kanema m'njira yakale ya analogi n'kuyamba ya dijito. Tsikulo lidali la wailesi za kanema basi. Koma nkhani ikanyamuka ku Geneva, n'kudzera ku Lilongwe, n'kutsika minibasi pa Mponela, n'kukwera kabaza mpaka kwa Mfumu Dzoole, sifika momwe idanyamukira. Kuno idafika ili yakuti boma lizimitsa mawailesi onse, ndipo wopezeka ndi wailesi ya mabatire akayankha yekha.

Zaka zadutsa, mawailesi akulirabe pa FM. Dijitoyo idabwera ndithu, koma sidadzere pakhomo pomwe anthu ankaidikira. Idalowera m'thumba la mdzukulu: mu foni, mu memole ndi m'timasipika ta ku China. Nazi zina zomwe zakhala zikuchitika m'midzi yathu chiyambire mpungwepungwewu. Maina tabisa, poti ena mwa eni nkhanizi ndi apongozi athu.

Wogulitsa dijito

Tsiku la 17 June likuyandikira, pa msika wa Mponela padatulukira mnyamata wa tayi, chikwama chili tho ndi mapegi oyanikira zovala, okutidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.

"Dijito! Dijito! Panani pa eriyo, wailesi yanu ipulumuke!"

Mkulu wina wa kwa Dzoole, ndalama za fodya zikadali zotentha m'thumba, adagula awiri: lina la wailesi, lina losungira. Tsikulo lidafika, lidadutsa, wailesi ikulira bwinobwino. Mkuluyo adazungulira mudzi wonse akudziguguda pachifuwa.

"Mwaona? Chikhala kuti sindidagule, bwenzi pano tili chete."

Mnzake adati, "Nanga yangayi, yopanda pegi, ikulira bwanji?"

"Ikukoka kwa ine, si tayandikana nyumba? Ndipo mwezi ukamatha muziponyako kangachepe."

Chigoli cha agogo

Mawu a pa FM akachoka pa mlongoti amafika m'khutu nthawi yomweyo. A pa intaneti amayamba adulidwa m'tizidutswa, n'kudzera m'makompyuta angapo, ndipo foni imayamba yatisonkhanitsa isanalankhule. N'chifukwa chake amafika mochedwerapo, nthawi zina ndi mphindi yathunthu.

Tsiku lomwe Bullets inkasewera ndi Wanderers, anyamata adazinga foni yaikulu pa golosale. Chapatali pang'ono, agogo adali pakhonde ndi kawailesi kawo komanga ndi mphira. Mwadzidzidzi agogo adaponya chipewa m'mwamba.

"Chalowa!"

Anyamata adaseka. "Agogo, mpira uli pakati pa bwalo, mukulota?"

Asanatseke pakamwa, foni nayo idakuwa kuti chigoli. Chigawo chachiwiri agogo adagwira mutu, nati, "Penate iyo!" Anyamata adayang'anizana. Posakhalitsa foni idavomereza kuti ndi penate.

Mpira utatha, mmodzi adabwera monyang'ama, n'kugwada pafupi ndi khonde.

"Agogo, mankhwala amenewa simungatigawireko? Tikufuna tizikabetcha."

"Alipo, mdzukulu wanga. Kagule mabatire anayi a Tiger Head. Awiri ako, awiri a sing'anga."

Mkazi wa m'sipika

Mawailesi a ku China aja, okhala ndi tochi, polowetsa memole ndi Bluetooth, ali ndi khalidwe lawo: ukangowayatsa, mumatuluka mawu a mzimayi wolankhula Chingerezi, kudziwitsa kuti chipangizo chakonzeka. Bambo wina atagulitsa soya adagula yotere, n'kufika nayo kunyumba usiku, mayi atagona kale. Adati aiyese pang'ono pabalaza. Mzimayi uja adalankhula, mawu ake ozuna.

Mayi adatulukira, mthiko uli m'manja.

"Ali kuti?"

"Ndani, mayi?"

"Amene wakulonjerani m'Chizunguyo. Chaka chino soya wachita bwino eti?"

"Ndi wailesi iyi, mayi. Imatero ikamayaka."

"Zimitsani, muyatsenso."

Bambo adazimitsa, n'kuyatsanso. Mzimayi uja adabwereza mawu omwewo, osaphonya ngakhale amodzi. Kachitatu, chimodzimodzi. Mayi adaika mthiko pansi.

"Ameneyu akhale. Mkazi wonena zomwezomwezo osawonjezera kanthu sangalimbe nane. Koma azigona ku khitchini."

Feteleza sakukwera

Mdzukulu wina, pofuna kusangalatsa agogo ake aamuna, adawajambulira pa memole pologalamu ya alimi pamodzi ndi nkhani za tsikulo, n'kulowetsa mu wailesi. Kenako adabwerera ku sukulu ku Kongwe, osawaonetsa batani lobwerera ku FM. Izi zidachitika mvula ya 2023 isanagwe. Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idagwa ndi 44 peresenti, katundu m'sitolo adakwera, mudzi wonse uli kakasi. Agogo okha ndiwo ankayenda akuimba mluzu.

"Inu mumamvera mabodza a m'mafoni. Ine wailesi ikundiuza m'mawa uliwonse kuti mtengo wa feteleza ndi womwe uja. Sunasunthe ngakhale tambala."

Adamanga ndalama zawo pa kansalu, ulendo wa ku Mponela, ngolo yobwereka ili pambuyo. Wogulitsa atatchula mtengo, agogo adafunsa ngati akunena wa matumba atatu. Pobwerera ng'ombe zidayenda mopepuka, feteleza ali m'kajumbo pamwendo pa agogo.

Mdzukulu atabwera ku holide adafotokoza zonse, n'kutambasula dzanja kuti achotse memoleyo. Agogo adamugwira pamkono.

"Isiye. Dziko la m'kachinthu akako likuyenda bwino kuposa lathuli."

Alamu olankhula okha

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, pafupifupi 34 ndizo zidali ndi wailesi, pomwe zokhala ndi foni zidali pafupifupi 52. Zaka khumi m'mbuyo mwake, nyumba za wailesi zinkaposa theka. Ena amati foni ndiyo yadya wailesi. Kwa Dzoole tikudziwanso chifukwa china.

Bambo wina adamva mphekesera yoti a kalembera akusaka osauka oti adzalandire chimanga. Njinga adaibisa m'nkhokwe, wailesi adaiika m'dengu kuchipinda n'kuvundikira chitenje. Mtsikana wa kalembera adafika, adakhala pa mphasa.

"Muli ndi njinga, bambo?"

"Ayi, mwana wanga."

"Nanga wailesi?"

"Tiione kuti ife?"

Pamenepo n'kuti kamwana katakwawira kuchipinda n'kupeza chopotokola. Mudamveka mawu aamuna, amphamvu: nthawi yakwana 12 koloko, nazi nkhani. Mtsikana adakweza maso.

"Amenewo ndi alamu anga," adatero bambo. "Mutu suyenda bwino. Ikangokwana 12 koloko amayamba kunena za boma."

"Pepani. Ndiye tiwalembe nawonso. Dzina lawo ndani?"

Bambo adakanda m'mutu. "Amayankhira la Panasonic. Kwawo n'kutali."

Mphatso ya ku London

Ku Ulaya wailesi ya dijito ilikodi. Amaitcha DAB, ndipo dziko la Norway lidazimitsa masiteshoni ake akuluakulu a FM mu 2017. Pa wailesi ya DAB susaka siteshoni ndi chala. Imasaka yokha n'kulemba dzina lake pagalasi, koma pokhapokha pafupi pali mlongoti woulutsa DAB.

Namwino wina wa kuno, amene amagwira ntchito ku London, adatumizira bambo ake wailesi yotere, yamatabwa opaka polishi. Mudzi udasonkhana. Adaiyatsa. Idasaka, idasaka, n'kulemba pagalasi kuti sidapeze kanthu. Adaikweza padenga, chimodzimodzi. Mnyamata adakwera nayo mumtengo wa mango, chimodzimodzi.

"Ndi mlendo ameneyu, akuchita manyazi," adatero azakhali. "Mpatseni masiku."

Atsibweni adati ayi, vuto ndi kutentha, chinthuchi chidazolowera chisanu, achiike pafupi ndi mtsuko. Wailesi idakhala pafupi ndi mtsuko mwezi wathunthu, mpaka kamwana ka sitandade 4 kadadina batani lolembedwa FM. Nthawi yomweyo mudatuluka Chichewa chomveka bwino, muulutsi wa Zodiak akupereka moni.

Azakhali adaomba m'manja. "Ndimanena ine! Mwezi umodzi wokha, chilankhulo yaphunzira kale. Pomwe mwana wathu uja, zaka zisanu ku London, moni weniweniyu akuchita kumufunafuna."

Tsiku la chigamulo

Pa 3 February 2020 majaji asanu adayamba m'mawa kuwerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kudzamaliza kunja kutada. Chikalatacho chidali cha masamba pafupifupi 500. Tsiku limenelo m'minda ya kwa Dzoole mudatsala makasu okhaokha, eni ake ali pa wailesi.

Mphunzitsi wina wachinyamata adagula bandulo, nati iye amvera pa intaneti, zopanda phokoso. Anthu adamuzinga. Dzuwa lisanafike paliwombo bandulo idatha. Adagula ina, idatha. Yachitatu adachita kukongola. Pofika 3 koloko foni yomwe idazima, ndipo gulu lonse lidasamukira kwa mkulu wa wailesi ya mabatire, mphunzitsi ali pambuyo atasenza mpando wake.

Dzuwa litapendeka, nayo ya mabatire idayamba kunong'ona. Adachotsa mabatire, kuwaluma m'mbali, kuwagubuduza pa mwala wotentha, n'kubwezeramo. Idalankhula pang'ono, idafookanso. Adasolola ena mu tochi ya amfumu. Wina adagwira eriyo ndi dzanja, ndipo atangoisiya kuti akande pamsana, mudzi wonse udamukalipira. Pomwe majaji ankafika ponena kuti chisankho chichitikenso, n'kuti mitu itagundana pa wailesi, wina osayerekeza n'kutsokomola komwe.

A nyakwawa adadzuka, n'kukutumula fumbi pa buluku.

"Anthu asanu, ophunzira, tsiku lathunthu mlandu umodzi! Akadabwera nawo pabwalo panga ukadatha nsima isanapse, wolakwa atasiya mbuzi."

Mahedeseti m'tchalitchi

Mafoni ambiri a mabatani ali ndi wailesi ya FM m'kati, yosadya bandulo, koma kuti igwire pamafunika mahedeseti, chifukwa waya wake ndiye amagwira ntchito ya eriyo. Lamulungu lina masana kudali chitsitsimutso, ndipo nthawi yomweyo timu ya Flames inkasewera. Mnyamata wina wa kwaya adadzeretsa waya m'kati mwa malaya, kutulukira pakhosi, kukalowa m'khutu, n'kugwira tsaya. Amayi a chigwirizano adagwedeza mutu, kuti mwanayu mawu amulowa.

Abusa atafika pofunsa kuti, "Adzatipulumutsa ndani?", mnyamata adakuwa, "Goloboyi!"

Mkulu wa mpingo adamukokera panja ndi khutu lomwelo.

"Mwana iwe, ulibe mantha? M'nyumba ya Mulungu? Bweretsa kuno!"

Adalanda foni ndi mahedeseti omwe, n'kumubweza m'kati. Akuluwo sadalowenso. Mapemphero atatha, mnyamata adawapeza kuseri kwa tchalitchi, waya uli m'khutu, manja ali kunkhongo.

"Abambo, foni yanga ija..."

"Khala chete, kwatsala mphindi ziwiri. Ndipo ukadapemphera molimba m'katimo, bwenzi titabweza chigolichi."

Yatembenuka mtima

Pakati pa 87.5 ndi 108 malo ndi ochepa, pomwe masiteshoni achuluka. Dziko lomwe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lidali ndi MBC yokha, lero lili ndi masiteshoni a mipingo, a eni bizinesi ndi a m'madera, monga Yetu ya ku Dzaleka konkuno ku Dowa. Zaka zingapo zapitazo bungwe la MACRA lidagawanso malowo, ndipo masiteshoni ambiri adasintha manambala.

Mkulu wina wokonda kachasu, maso atayamba kufooka, adali atakanda zizindikiro ndi mpeni pagalasi la wailesi yake: apa nyimbo, apa mpira, apa za maliro. M'mawa wina adapotokola kufika pa nyimbo zake za pamowa, adapeza mlaliki akudzudzula zidakwa. Adasunthira pa mpira, adapeza kwaya. Pa za maliro adapeza nyimbo zothyola chiuno.

"Mayi! Ndani adapita ndi wailesiyi ku tchalitchi?"

"Palibe."

"Yatembenuka mtima iyi. Zaka zonsezi tamwera limodzi, lero ikundinena pagulu."

Mayi sadasiye n'kupeta komwe. "Yayamba ndi wailesi. Mwatsala ndinu."

Maliro a pa WhatsApp

Kale uthenga wa maliro unkayenda ndi mnyamata wa panjinga, kapena pa mauthenga achisoni a pa MBC, pomwe muulutsi ankatchula dzina, mudzi, mfumu ndi boma, nyumba yonse ili chete. Lero umayenda pa WhatsApp, ndipo nthawi zina umafika imfa isananyamuke.

Bambo wina wa kuno, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, adadwala chimfine n'kudzijambula ali chigonere. Chithunzi chidadutsa m'magulu atatu bwinobwino. Pofika lachinayi chidali ndi mtanda ndi mawu oti ause mumtendere. Kumudzi kulira kudayamba, adzukulu adanola makasu, mbuzi idagwa. Mayi ake okha, gogo wa masiku ambiri, adakhala pakhonde akutongola chimanga, wailesi ili pambali.

"Agogo, inu simukulira?"

"Pa wailesi sananene."

Madzulo malemuwo adaimba foni, kufunsa chifukwa chomwe anthu akumulembera kuti adali munthu wabwino, ngakhale amene adamukongoza ndalama. Maliro adasanduka phwando, poti mbuzi idali itafa kale. Atamufotokozera zonse, adafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha.

"Chipepeso chasonkhedwa zingati? Munditumizire ndigulire mankhwala a chimfinechi."

Mwendo m'mwamba

Kusiyana kwa analogi ndi dijito kumaonekera bwino nyengo ikaipa kapena phiri likatchinga, ndipo kuno kumapiri a Dowa ndi Ntchisi timazidziwa bwino. Ya analogi imafooka pang'onopang'ono: mawu amabwera ndi mkokomo wa shii, koma wa khutu lakuthwa amatolabe nkhani. Ya dijito ilibe zapakatikati. Ikagwira ndi mbee, ikalephera ndi zii.

Mwini nyumba ina yoonetsera kanema adagula dikoda, n'kulemba pachitseko kuti zithunzi zamchenga zija zidatha. Anthu adalipira, mabenchi adadzaza, ena pansi. Mphindi yomaliza, penate. Wosewera adathamanga, adakweza mwendo, kunja chimvula chidayamba, chithunzi chidauma. Mwendo uli m'mwamba, goloboyi ali chiyasamire.

"Menya, iwe!" adakuwa wina.

"Tibwezereni ndalama zathu!" adatero wina.

Mwini nyumba adatambasula manja. "Dekhani, abale. Akuganiza kaye mbali yomenyera."

Mvula itakata chithunzi chidabwerera: bwalo lopanda munthu, wina akuzimitsa magetsi. Zotsatira adakazimva kwa mlonda wa pa chigayo, amene adali ndi kawailesi kolira shii m'kati mwa chikhoti chake. Naye adawalipiritsa.

Mbama

Wailesi yakale ikayamba kudukizadukiza, mankhwala oyamba adali mbama. Ukaimenya m'mbali, kawaya kotayirira kaja kankabwerera m'malo, nyimbo n'kupitirira. Zikakanika inkapita kwa wokonza, amene ankatenthetsa msomali pa mbaula n'kulumikiza ndi mtovu.

Bambo wina adalandira foni yaikulu yagalasi kuchokera kwa mwana wake wa ku Lilongwe, n'kuphunzitsidwa kumvera wailesi pa intaneti. Netiweki itathawa, mawu adaduka pakati pa nkhani. Bambo adaipatsa imodzi yabwino. Sidayankhe. Adaiwonjezera ina pa mwendo wa mpando. M'mawa adali kwa wokonza mafoni, galasi lili ming'alu yokhayokha.

"Yagwa kuchokera pati, bambo?"

"Sinagwe. Ndimailangiza. Zinthu za masiku ano sizipirira mwambo."

Sefuliya

Wailesi yoyamba kulowa m'nyumba za anthu wamba m'dera lino la Africa inkatchedwa Saucepan Special. Idatuluka mu 1949, yopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, thupi lake lozungulira la chitsulo cha sefuliya, ndipo inkagwira siteshoni ya ku Lusaka yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja. MBC idayamba mu 1964, ndipo m'midzi mudadzafala mawailesi a Nzeru, opangidwa konkuno ku Malawi, amene makolo athu adamverapo Kapalepale ndi Pamajiga.

Mdzukulu wina ankadzitama ndi foni yake kwa agogo aakazi.

"Agogo, umu muli wailesi, kanema, kamera, tochi, banki ndi Baibulo lomwe."

"Ikafa mumatani nayo?"

"Timataya, n'kugula ina."

Agogo adalavula malovu a fodya chapatali. "Ya bambo anga itafa tidachotsa mawaya, n'kuphikiramo therere zaka zitatu. Ya agogo ako aamuna itafa, nkhuku idaikiramo mazira khumi, onse idaswa. Ndiye yakoyi ntchito yake n'chiyani?"

M'bulangete ndi pa sipika

Mu 1992, mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo ija ya pa 8 March, nkhani zenizeni anthu ankazisaka usiku pa shotiwevu, ku BBC ndi ku wailesi ya ku South Africa yomwe inkaulutsa m'chilankhulo chathu. Munthu ankalowa ndi wailesi m'bulangete, voliyumu pansi, khutu lina ku London, lina kukhomo kuopa a Payoniya.

Chaka chatha pa chinkhoswe china, mkamwini wa pamudzipo adapereka foni yake kuti aziimbira nyimbo pa sipika yaikulu yobwereka. Nyimbo itatha, foni idangopitiriza yokha ndi chotsatira, chomwe chidali uthenga wa mawu womwe mkamwiniyo adatumizira mnzake dzulo lake:

"Aise, pamudzi pano ndavutika. Apongozi akapha nkhuku, kwa ine kumabwera nkhwani ndi fungo."

Bwalo lidati zii. Mkamwini adathamangira foni, zala zikunjenjemera, n'kudina pokweza voliyumu. Apongozi aakazi adaimirira, n'kukonza mpango.

"Bwerezani, bambo. Kumbuyo kuno sitinamve bwino."

Mkulu wina adaweramira kwa mnzake. "Nthawi ya Kamuzu tinkabisa wailesi kuti ingatiulule. Ana a lerowa akuchita kuibwerekera sipika."

Sola ya mayi

M'nyumba zambiri wailesi idali ya bambo. Popita ku mowa ankaimangirira pa njinga, ndipo akaisiya ankachotsa mabatire n'kuponya m'thumba la jekete. Mayi ankakamvera Zokonda Amayi kwa aneba. Kenako kudabwera magulu omvera wailesi, ndipo mayi wina adapatsidwa wailesi ya sola yoti azisungira gulu lake.

Bambo pokonzekera ulendo wa ku mowa adaitenga, kuitembenuza uku ndi uku, kusaka potsegula. Palibe.

"Mayi, mabatire a chinthuchi ali pati?"

Mayi adaloza dzuwa ndi mthiko.

"Ndi awo. Kachotseni, muike m'jekete."

Wailesi ya amfumu

Mu 2009 mnyamata wa ku Mulanje, Gabriel Kondesi, adamangidwa chifukwa choulutsa mawu popanda chiphaso pa siteshoni yotchedwa Pachikweza, yomwe adaipanga yekha ndi zidutswa za mawailesi akale. Chindapusa chitalipidwa adatuluka, dziko lonse likumuyamikira luso.

Nkhaniyo itafika kuno, amene adasowa tulo ndi mkulu amene amakwera pa chulu madzulo kulengeza za amfumu: msonkhano, sikelo ya ana, makuponi, mbuzi yosowa. Adapita kwa amfumu chipewa chili m'manja.

"Wawa mfumu, ine chiphaso ndilibe. Andimanga."

"Iwe umagwira mpaka pati?"

"Kukakhala bata, mpaka kutsidya kwa dambo."

"Umayendera chiyani?"

"Chipanda chimodzi cha masese."

"Pitiriza. Akabwera ndikayankha ndine."

Adapitiriza zaka zambiri, mpaka mdzukulu wa amfumu adatsegula gulu la mudzi pa WhatsApp, nati za pa chulu zidatha. Mkulu uja adapumitsidwa ntchito. Msonkhano woyamba woitanidwa pa foni kudabwera anthu atatu: mdzukuluyo, chibwenzi chake, ndi wotchaja mafoni amene adawerenga uthengawo m'foni ya kasitomala. Amfumu adatuma mwana kukaitana mkulu wa pa chulu. Madzulo adalengeza, m'mawa bwalo lidadzaza mpaka kumsewu.

Amfumu adamuthokoza pamaso pa anthu. Iye adagwada, n'kuomba m'manja katatu.

"Wawa mfumu, koma mudziwe kuti nanenso tsopano ndili pa dijito. Zipanda zikakhala ziwiri ndimveka mbee. Chikakhala chimodzi ndili zii."

Mawu kwa a m'tauni

MBC, Zodiak, Times, Radio Maria, Alinafe ndi anzawo onse akadali pa FM, ndipo wailesi ya makolo anu ikuwagwira popanda dikoda, popanda bandulo, popanda mlandu. Choncho inu amene mukumanga katoni yotumiza kumudzi, foni tumizani ndithu, sitikana. Koma m'katoni momwemo muponyemo mabatire, kapena kawailesi ka sola, ndipo mukafika musanyamule wailesi yakale ija kukaitaya kudzala. Tsiku lomwe netiweki idzathawe, inu nomwe mudzakhala pamphasa n'kufunsa agogo kuti zikuti bwanji.